Mtengo wa Kupimitsa Thupi kwa Mphunzitsi wa ku Muloza

Pakati pa aphunzitsi ndi antchito a Boma a ku Muloza, kumalire a dziko lino ndi Mozambique, pamveka kawirikawiri funso lakuti: kodi munthu wofuna kupimitsa thupi lake kamodzi pa chaka, asanayambe kudwala, apite ku chipatala cha Boma kumene salipira kanthu, kapena ku chipatala cholipira kumene amuthandiza msanga? Ambiri ayankha mosachedwa kuti kwa Boma nkwaulere ndipo kolipira nkodula, nkhani nkuthera pomwepo. Koma yankho lotere lasiya zambiri kunja, pakuti ndalama zolembedwa pa risiti ndi gawo limodzi chabe la zimene munthu ataya, ndipo kawirikawiri si gawo lalikulu.

Chimene chachititsa kuti funsoli likhale lofunika ndi ichi. M'chaka cha 2009 Unduna wa Zaumoyo, mothandizana ndi bungwe la World Health Organization, unapima anthu a zaka 25 mpaka 64 m'zigawo zonse za dziko lino. Kunapezeka kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, imene anthu aitcha BP, ndipo pafupifupi 6 mwa anthu 100 alionse anali ndi nthenda ya shuga. Chodetsa nkhawa koposa chinali chakuti anthu atatu mwa anayi anali asanayezedwepo BP chibadwire, ndipo mwa amene anapezeka nayo, oposa 90 mwa 100 sanali kudziwa kanthu. Nthenda ziwirizi sizipweteka poyamba. Mphunzitsi aima pa bolodi zaka zambiri ali wamphamvu ndithu, kufikira m'mawa wina adzuka dzanja ndi mwendo zitafa, pakamwa patapotoka. Pamenepo banja lake liyamba kuwerenga mtengo umene silinauganizirepo.

KWA BOMA

Kuyambira m'chaka cha 1964, pamene dziko lino linalandira ufulu wodzilamulira, chithandizo m'zipatala za Boma chakhala chaulere, ndipo maboma onse amene alamulira chiyambire asunga mwambo umenewu. Si maiko ambiri a mu Africa amene anatero. Ochuluka anayamba kulipiritsa odwala m'zaka za m'ma 1980. Tsono munthu wa ku Muloza ali nacho chipatala chaching'ono cha Boma pafupi, ndipo pa boma pa Mulanje, mtunda wa makilomita ngati 30, pali chipatala chachikulu cha m'bomalo. Kuyeza BP, kukwera pa sikelo, kuyeza kachilombo ka HIV ndi malungo, ndi ntchito za masiku onse m'zipatala zazing'ono. Kuyeza shuga, mkodzo, kuchuluka kwa magazi ndi makhololo a chifuwa chachikulu kuchitika ku chipatala cha pa boma. Amayi a zaka 25 mpaka 49 ayezedwa khansa ya khomo la chiberekero ndi viniga, ntchito imene Boma linaikhazikitsa m'dziko muno mu 2004, pakuti Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa imeneyi ipha amayi ambiri koposa pa dziko lonse lapansi. Pa zonsezi palibe tambala yolipira.

Komatu chipatala cha Boma chinamangidwira odwala, ndipo munthu wopanda nthenda achita ngati mlendo kumeneko. Akafika m'mawa apeza pa benchi pali kale amayi obereka ana otentha thupi, antchito a m'minda ya tiyi, amalonda a pa Limbuli, ndi abale a tsidya lija la ku Milange amenenso abwera kudzafuna mankhwala kuno. Dokotala wamng'ono amene ayang'anizana ndi mzere wotere ali ndi mphindi zowerengeka pa munthu aliyense. Akafunsa kuti, "Chikukuvutani n'chiyani, aphunzitsi?" ndipo yankho likhala lakuti, "Palibe, ndangofuna kupimidwa," onse awiri achita manyazi pang'ono, pakuti kumbuyoko kuli mwana wokomoka. Ichi ndicho chibweza anthu ambiri ophunzira, koposa china chilichonse.

Ndalama za ulendo umenewu zituluka m'njira zina. Pali za minibasi kupita pa boma ndi kubwera, za kabaza ngati sukulu ili kutali ndi msewu wa tala, ndi za chakudya cha masana. Pali tsiku lathunthu limene kalasi ya ana ochuluka ikhala yopanda mphunzitsi, ndipo nthawi zina tsiku lachiwiri lokatenga zotsatira. Palinso masiku amene makina alipo koma mankhwala oyezera atha, munthu nkubwerera wosayezedwa shuga amene anapitira. Vuto limeneli silibisika, ndipo akuluakulu a Unduna alinena okha poyera. Ngakhale zonsezi ziphatikizidwe, mtengo wake ufika pa ulendo umodzi kapena iwiri ya pa boma, basi.

Pakati pa chipatala cha Boma ndi cha malonda pali cha mishoni. Chipatala cha Mulanje Mission, cha mpingo wa CCAP mu sinodi ya Blantyre, chili m'bungwe la CHAM limene linayamba mu 1966. Antchito a zaumoyo m'zipatala za bungweli alandira malipiro awo kuchokera ku Boma, ndipo ichi ndicho chifukwa chachikulu chimene mitengo yake ikhalira yotsika poyerekeza ndi ya zipatala za malonda. Ambiri olipira pa windo la mishoni sadziwa kuti Boma lalipira kale gawo lina. Chiyambire 2006 Boma lakhalanso likuchita mapangano ndi zipatala zina za CHAM kuti zithandize anthu mwaulere, koma mapanganowo akhudza makamaka amayi oyembekezera ndi ana. Bambo wamphamvu wofuna kupimidwa alipira. Makampani a tiyi nawonso ali ndi tizipatala tawo, koma timeneto nta antchito awo ndi mabanja awo.

KU BLANTYRE

Wofuna kupimidwa thupi lonse monga achitira akuluakulu a makampani ayenera kuyenda ulendo wa makilomita ngati 100, kudzera pa Luchenza ndi pa Thyolo, kukafika ku Blantyre. Kumeneko kuli zipatala monga Mwaiwathu, chimene chinatsegulidwa mu 1998, ndi Blantyre Adventist. Ndipo chipatala chachikulu cha Boma cha Queen Elizabeth chilinso ndi mbali yolipira ya ofuna kutero.

Owerenga ayenera kumvetsa m'mene ngongole ya kotere imangidwira. Choyamba ndi ndalama yoonana ndi dokotala. Pamwamba pake chilichonse choyezedwa chili ndi mtengo wakewake: magazi onse, shuga, mafuta a m'magazi, impso, chiwindi, mkodzo, kujambula pachifuwa, kuyeza kagundidwe ka mtima. Munthu amene anangofunsa mtengo woonana ndi dokotala adabwa pa windo, pakuti ndalama zambiri zili ku labotale. Ndipo pafupifupi zonse zimene labotale igwiritsa ntchito, kuyambira makina mpaka timabotolo tosungiramo magazi, zigulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya zinthu zotere inakwera nayo limodzi. Chomwecho mtengo umene mnzake wa munthu analipira chaka chatha suyenera kudaliridwa. Chanzeru ndi kufunsiratu mtengo wa chinthu chilichonse, wolembedwa pa pepala, magazi asanatengedwe.

Wa ku Muloza awonjezerapo zake zimene wa ku Limbe saziona. Mayeso ena, monga a shuga, afuna kuti munthu afike m'mawa asanadye, kotero kuti ayenera kunyamuka tambala woyamba kapena kukagona m'tauni, kwa mbale kapena pa nyumba yolipira. Amene ali m'mabungwe othandiza pa matenda monga MASM aona ngati sanalipire kanthu, koma akumbukire kuwerenga zimene adulidwa mwezi ndi mwezi kwa miyezi 12, ndiponso afunse ngati gulu limene analowamo lilipira kupimidwa kwa munthu wosadwala, pakuti malamulo ake asiyana gulu ndi gulu.

Sikungakhale chilungamo kunena kuti ndalama zimenezi zipita pachabe. Wolipira agula nthawi. Dokotala akhala naye pansi, amufunsa za makolo ake ndi za kadyedwe kake, ndipo zotsatira zituluka mosachedwa. Palinso mayeso ena, monga a impso ndi a mafuta a m'magazi, amene sapezeka masiku onse m'zipatala za Boma za m'maboma, ndipo kwa munthu amene wakhala ndi shuga kapena BP zaka zambiri mayeso amenewa ngofunikadi.

KODI MAYESO AMBIRI APULUMUTSA ANTHU AMBIRI?

Funso ili linafufuzidwa. Akatswiri a ku Denmark, a m'bungwe la Cochrane, anasonkhanitsa pamodzi kafukufuku wosiyanasiyana wokhudza anthu oposa 250,000, ena oitanidwa kukapimidwa thupi lonse ndi ena osaitanidwa. Zimene anasindikiza mu 2019 zinaonetsa kuti kupima thupi lonse kwa anthu osadwala sikunachepetse imfa, kaya za nthenda ya mtima kaya za khansa. Ku England, kumene ndalama si zochepa, Boma liitana anthu a zaka 40 mpaka 74 kamodzi pa zaka zisanu, osati chaka ndi chaka, ndipo liyeza zinthu zowerengeka chabe.

Nkhani imeneyi iyenera kumvedwa mosamala. Kafukufukuyo anachitika ku Ulaya ndi ku America, kumene munthu wamba aonana ndi dokotala kawirikawiri ndipo BP yake iyezedwa ngakhale wapitira chimfine. Sangayerekezedwe ndi dziko limene atatu mwa anayi anali asanamangidwepo lamba woyezera pa mkono. Chimene kafukufukuyo aphunzitsa munthu wa ku Muloza nchakuti phindu lili mu mayeso ochepa a nthenda zofala zimene zili ndi mankhwala, ndipo mndandanda ukatalika, mtengo ukwera msanga koposa phindu. Kujambula pachifuwa chaka chilichonse munthu amene sakhosomola, sanaonde ndipo satuluka thukuta usiku, sikuwonjezera kanthu kwenikweni. Ndiponso poyeza zinthu makumi awiri mwa munthu wabwinobwino, kawirikawiri papezeka chimodzi chopatuka pang'ono; chimenecho chiitana mayeso ena, ulendo wina, ndi risiti lina. Ngakhale kuyeza khomo la chiberekero, kwa mayi amene alibe HIV ndipo anapezeka bwino, kudikira zaka zitatu.

Tsono mayeso amene ali ndi phindu lalikulu kwa mphunzitsi wa zaka 40, ndiwo BP, shuga, sikelo, HIV, ndi khomo la chiberekero kwa amayi, ndi omwewo amene Boma lipereka mwaulere m'boma la Mulanje momwemo.

MTENGO WA PAMBUYO PAKE

Koma kupimidwa ndi chiyambi chabe. Munthu akayezedwa kangapo napezeka kuti BP yake ikhala pa 140/90 kapena kupitirira, ayamba kusintha kadyedwe, kuchepetsa mchere ndi mowa, ndipo ambiri ayamba mankhwala amene adzamwa moyo wawo wonse. Chimodzimodzinso wa shuga. Apa ndi pamene kusiyana kwenikweni kwa zipatala ziwirizi kuonekera, pakuti kupimidwa nkwa tsiku limodzi koma mapiritsi nga masiku 365 pa chaka. Mankhwala monga hydrochlorothiazide, amlodipine ndi metformin aperekedwa mwaulere kwa Boma akakhalapo. Kolipira agulidwa mwezi ndi mwezi, pamodzi ndi ndalama yoonana ndi dokotala pa ulendo uliwonse. Alipo amene atsanula malipiro awo ku Blantyre, nabwera ndi mapepala okongola, koma pakutha pa miyezi itatu aleka mankhwala chifukwa ndalama yatha. Otere sanapindule kanthu koposa amene sanapimidwe konse, kupatula nkhawa.

Nchifukwa chake ngakhale amene wasankha kukapimidwa kolipira achita bwino kubwera ndi zotsatira zake ku chipatala cha Boma cha kufupi, kuti zilembedwe m'kabuku kake ka kuchipatala ndipo iye alowe m'kaundula wa olandira mankhwala. Kabuku kameneka, kamene ophunzira ambiri akanyoza nakasiya m'sutikesi, ndiko kaletsa kuti mayeso omwewo alipiridwe kawiri. Za kufunika kokhala ndi chipatala chodziwa munthu pafupi ndi kwawo, anthu a ku Muloza anaziona mu March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula misewu ndi milatho m'boma la Mulanje. Masiku amenewo wodalira dokotala wa ku Blantyre analibe poyambira.

Pa mbali ya Boma patsala ntchito, ndipo ntchito yake njodziwika. Mu 2004 Boma linayamba kupereka mankhwala a ARV mwaulere, ndipo m'zaka zotsatira anthu anaona kuti nkotheka kufikitsa mankhwala a moyo wonse ku chipatala chaching'ono cha kumalire, pa tsiku lake, ndi kaundula wosungidwa bwino. Mankhwala a BP ndi a shuga sanafike pa mlingo umenewo. Akatha m'chipatala, wodwala auzidwa kukagula ku sitolo ya mankhwala, ndipo pamenepo chithandizo chaulere chisanduka cholipira. Ndalama zimene bungwe la Central Medical Stores Trust lipatsidwa zogulira mankhwala amenewa, ndi kafikitsidwe kake m'zipatala, ndizo zidzalamula ngati kupimidwa kwaulere kudzakhala ndi tanthauzo kwa wopezeka ndi nthenda.

Vuto la mzere ndi manyazi aja lili ndi njira yapafupi imene siyembekeza lamulo latsopano. Aphunzitsi asonkhana kale pa misonkhano ya zoni, ndipo antchito a pa chipata cha Muloza, apolisi, a msonkho ndi oona za olowa ndi otuluka, ali pamalo amodzi tsiku lililonse. Aphunzitsi aakulu ndi oyang'anira maofesi angathe kupangana ndi chipatala cha m'dera lawo kuti namwino kapena mlangizi wa zaumoyo afike kamodzi pa chaka ndi makina oyezera BP, sikelo ndi zoyezera shuga. Makinawo ayenda ndi mabatire, alowa m'chikwama cha pa njinga, ndipo munthu mmodzi atenga mphindi ngati zisanu. Aphunzitsi makumi awiri angapimidwe onse nsima ya masana isanapse, ndipo atatu kapena asanu amene apezeka kuti BP yawo yakwera apatsidwa tsiku lokaonekera ku chipatala, dzina lawo litalembedwa kale.