Mmene Kompyuta Imawerengera Majeti Mapulotoni Akaombana

Pa malire a Switzerland ndi France, pafupi ndi mzinda wa Geneva, bungwe la CERN lili ndi makina otchedwa Large Hadron Collider, amene anaikidwa m'ngalande yozungulira ya makilomita 27 pansi pa nthaka, ndipo m'menemo mapulotoni, omwe ndi tizigawo ta pakatikati pa atomu, amathamangitsidwa pa liwiro loyandikira la kuwala kenako n'kuwaombanitsa. Zimene zimagundana kwenikweni ndi tinthu ta m'kati mwa pulotoni totchedwa makwaki ndi magluwoni, koma popeza mphamvu yomanga tinthuti siilola kuti kamodzi kayende pakokha, kalikonse kothothoka kamabala tinthu tambirimbiri touluka molunjika mbali imodzi, ngati mankhusu pamene munthu akupeta kuli mphepo. Gulu limeneli ndilo asayansi amalitcha jeti, ndipo mu 1979, ku malo a kafukufuku a DESY mu mzinda wa Hamburg, kuoneka kwa majeti atatu pa kuombana kumodzi kunapereka umboni wakuti gluwoni ilipodi.

Kuti adziwe kuti majeti ayenera kuoneka kangati, akatswiri amadalira chiphunzitso cha Quantum Chromodynamics, chimene masamu ake sangatheke ndi pensulo, motero ntchitoyo imapatsidwa kwa mapulogalamu monga NLOJet++, yolembedwa ndi Zoltán Nagy. Pulogalamuyi imatsata njira ya Monte Carlo, kutanthauza kuti imayerekeza kuombana kambirimbiri posankha manambala mwamaere, n'kuphatikiza zotsatira zonse, ndipo kuti yankho likhazikike pamafunika makompyuta ambiri ogwira ntchito limodzi kwa nthawi yaitali. Mapulogalamu ena, monga Pythia ndi Herwig, amatsanzira mmene kwaki imodzi imasandukira jeti.

Komabe gawo lofunika nzeru kwambiri limabwera pulogalamu isanayambe, chifukwa woiyendetsa ayenera kuiuza mmene makwaki ndi magluwoni amagawanirana mphamvu ya pulotoni, zimene zimadziwika makamaka kuchokera ku miyezo ya makina a HERA, amene anagwira ntchito ku Hamburg kuyambira 1992 mpaka 2007. Ayeneranso kunena kuti jeti imathera pati, pakuti chilengedwe sichinalembe malirewo, ndipo magulu a asayansi a ku CERN a ATLAS ndi CMS amatsata lamulo la anti-kt, limene Matteo Cacciari, Gavin Salam ndi Gregory Soyez anafalitsa mu 2008. Wosintha kukula kwa jeti, ngakhale pang'ono, amapeza nambala ina, choncho kufanizira zowerengera ndi zoyeza zimene zinatsata malamulo osiyana n'kutaya nthawi chabe, ngakhale nambalayo itaoneka yokongola motani.

Popeza chithunzi cha m'kati mwa pulotoni chimakonzedwanso kawirikawiri, mapulogalamu a fastNLO ndi APPLgrid amasunga gawo lolemetsa la masamuwo m'matebulo, kotero kuti kuwerengera kumene poyamba kunkatenga masiku kumabwerezedwa m'kamphindi kochepa pa kompyuta wamba.