Mwezi, Mvula ndi Munda Wathu

Abale ndi alongo a m'koperativa, lero tikambirane za mwezi. Tonse timaudziwa. Ukawala, ana amasewera pabwalo, ng'oma zimalira, amayi amasinja mpaka usiku. Masiku athu timawerenga ndi iwo. Koma kodi mwezi uli ndi mphamvu yanji pa moyo wathu?

Mwezi ndi chimwala chachikulu chozungulira dziko lathu. Uli kutali, makilomita pafupifupi 384,000. Ulibe moto wakewake. Kuwala kumene timaona ndi kwa dzuwa, monga mmene lata limanyezimira masana. Kuchokera tsiku limene mwezi waoneka kufika pamene uonekanso pamapita masiku 29 ndi theka.

Makolo athu ankati mwezi uli ndi akazi awiri. Wakumadzulo amaudyetsa bwino, ndiye umanenepa. Wakum'mawa amaumana chakudya, ndiye umaonda. Nthanoyi ndi yokoma, tisaitaye. Koma tidziwe kuti mwezi sunenepa, suonda. Ife timangoona mbali imene dzuwa likuwalitsa.

Mphamvu yeniyeni ya mwezi imaoneka kunyanja yamchere. Mwezi umakoka madzi. Ku Beira madzi amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku. Mwezi ukakhala wathunthu, kapena ukakhala kumdima, madziwo amakwera kwambiri, chifukwa dzuwa ndi mwezi zimakoka pamodzi. Asodzi ndi oyendetsa sitima amawerengera zimenezi. Ku nyanja ya Niassa asodzi a usipa amakonda usiku wamdima, chifukwa nsomba zimatsata nyali zawo.

Nanga mvula? Apa timvetsetsane bwino, chifukwa mbewu ndi ndalama. Ena mwa ife amati: mwezi wapendekeka, mvula igwa. Ena amati tidikire mwezi uoneke, ndiye tibzale. Tiyeni tiganize. Mwezi umene timauona ku Zóbuè ndi womwewo umene amauona ku Moatize. Koma ku Zóbuè, kumapiri, mvula imagwa yambiri, pamene kumunsi kufupi ndi Zambezi kumatentha ndipo mvula imachepa. Mwezi umapendekekanso mu Julayi, koma mu Julayi sitibzala. Mvula yathu imabwera ndi mphepo zachinyontho m'nyengo yake, kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi.

Tsono pobzala tiyang'ane pansi, osati kumwamba. Mvula ikagwa yokwanira, tikumbe ndi khasu. Ngati chinyontho chalowa kuya kwa chikhatho, tibzale chimanga ndi mapira athu. Wodikira mwezi masabata awiri amapeza udzu wamutsogolera, ndipo mvula imatha chimanga chake chisanakhwime.

Palinso nkhani ya nsungwi ndi mitengo ya nkhokwe. Akulu amati tizidula mwezi uli kumdima kuti zisafumbwe. Tisakangane nawo. Tsopano tikudziwa kulemba. Tidule nsungwi khumi mwezi uli kumdima, khumi zina mwezi uli wathunthu. Tilembe tsiku m'kope la koperativa. Chaka chikatha tiziwerenge pamodzi, tione zimene zafumbwa.

Kodi anthu adafikako ku mwezi? Inde. Mu 1959 dziko la Soviet Union lidatumiza makina amene adajambula kuseri kwa mwezi, mbali imene ife sitiiona. Mu Julayi 1969 anthu awiri a ku America, Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin, adaponda pamwezi. Pofika 1972 anthu 12 adali atayendapo, ndipo adabwera ndi miyala ndi dothi zolemera makilogalamu 382. Sadapezeko mtengo, mtsinje kapena mpweya wopuma. Mu 2023 makina a dziko la India adatera kufupi ndi kum'mwera kwenikweni kwa mwezi. Mu 2024 makina a dziko la China adabweretsa dothi lochokera kuseri kuja.

Wina afunsa: ife olima, zimenezi zitithandiza chiyani? Funsoli ndi labwino, pakuti maulendo amenewa amadya chuma chambiri. Miyala ya ku mwezi sitingaphike. Koma luso loponya makina kumwamba lidabala makina ena, masetilaiti, ozungulira dziko ndi kujambula mitambo. Ndi maso amenewa akatswiri a zanyengo amaona namondwe akadali panyanja. Tikukumbukira Idai, amene adawononga Beira mu Malichi 2019. Tikukumbukira Ana, mu Janyuwale 2022, pamene madzi a Revúbuè adagwetsa mlatho pakati pa Tete ndi Moatize. Chenjezo likamveka pa wailesi, tichotse ana, ziweto ndi mbewu m'mphepete mwa mtsinje msanga.

Kudziwa kumachotsanso mantha. Pa 21 Juni 2001 masana kudada ku Zambia, ku Zimbabwe ndi m'madera ena a Mozambique. Adali kadamsana: mwezi udaima pakati pa dzuwa ndi dziko. Tsiku lake lidalengezedwa lisanafike, ndipo dzuwa lidatulukanso.

Ntchito ya sabata ino: usiku uliwonse tituluke, tijambule mwezi m'kope, tilembe tsiku pansi pake. Pambali tilembe ngati mvula yagwa kapena ayi. Tikakumana, tifananitse makope a ku Zóbuè ndi a ku Moatize.