Kachipangizo kolondolera zida zoimbira: mafunso ndi mayankho

Funso: Kodi kachipangizo kameneka n'kotani, ndipo oimba akukafuniranji?

Yankho: Ndi kanthu kakang'ono kokwana m'chikhato, kamene mumakabisa m'bokosi la mikisa kapena m'chikwama cha gitala, ndipo foni imakuuzani kumene kali. Gulu loimba likanyamuka ku Blantyre kapena ku Balaka, n'kudutsa pa Chingeni, kuimba pa boma la Ntcheu, mawa lake ulendo wa ku Dedza, katundu amatsitsidwa ndi kukwezedwa kangapo, kawirikawiri usiku anyamata atatopa. Nthawi imeneyo ndi imene chikwama cha maikolofoni chimatsala kuseri kwa siteji.

Funso: Ndiye kuti ndi GPS ngati ya m'galimoto?

Yankho: Ayi, ndipo ogulitsa ena akusocheretsa anthu pa nkhani imeneyi. Mulibe GPS m'menemo, mulibe simu khadi, ndipo sikalankhula ndi setilaiti. Kamangotulutsa chizindikiro cha Bluetooth chimene chimafika mamita makumi ochepa chabe. Foni ya munthu wina ikadutsa pafupi, imamva chizindikirocho n'kutumiza pa intaneti malo amene yakamvera, mwini foniyo osadziwa kanthu. Kali ngati munthu wopanda foni amene amapatsira uthenga odutsa m'njira: njira ikakhala zii, uthenga supita. Tsono musadabwe kuti pa msika wa Lizulu kapena pa Tsangano Turn-off kakuonekera bwinobwino, koma lole ikangopatuka pa M1 kulowera kumidzi, mapu akuonetsabe malo a dzulo. Sikanawonongeke ayi. Sipanadutse foni yoyenera yokhala ndi bandulo, basi. Pa Umhlangano wa Angoni a Maseko ku Nkolimbo, pamene khamu limadzaza bwalo, kamagwira ntchito kuposa tsiku lina lililonse pamalo omwewo.

Funso: Mwati foni yoyenera. Si foni iliyonse kodi?

Yankho: Si iliyonse. AirTag, imene kampani ya Apple inatulutsa mu 2021, imadalira zipangizo za Apple monga iPhone. SmartTag ya Samsung imadalira mafoni a Galaxy. Mu 2024 kampani ya Google inatsegula netiweki yake ya mafoni a Android, ndipo tizipangizo tina ta Chipolo ndi Pebblebee timayendera imeneyo. Musanagule, yang'anani m'manja mwa anthu amene amabwera ku zoimba zanu. Ngati ambiri ali ndi Tecno ndi itel, AirTag idzakhala chete nthawi yaitali ngakhale mutaigula modula. Komanso tifoni tamabatani sitithandizapo chilichonse.

Funso: N'chifukwa chiyani mumalimbikira zoti kakhale kotheka kutsegula?

Yankho: Chifukwa cha batire. Tizipangizo tina, makamaka topyapyala tolowetsa m'chikwama cha ndalama, anatimata kotheratu, moti batire likatha mumataya konse. Kwa ife amene timaitanitsa zinthu zotere kuchokera ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, kumeneko n'kutaya ndalama. AirTag ndi SmartTag2 zimagwiritsa ntchito batire la CR2032. Nambala imeneyi ili ndi tanthauzo: mamilimita 20 m'lifupi, mamilimita 3.2 kuchindikala, ndipo mphamvu yake ndi mavolti 3. Batire lomweli limapezeka m'kati mwa kompyuta ndi m'makiyi ambiri a galimoto, choncho wokonza makompyuta kapena wogulitsa mawotchi akhoza kukupezerani. Pa AirTag mumakanikiza chivundikiro chachitsulo ndi zala ziwiri, n'kupotolera kumanzere, batire latuluka. Mukaika latsopano kamalira pang'ono kusonyeza kuti kadzuka. Limatha pafupifupi chaka. Samalani ndi CR2025, amene amafanana naye m'lifupi koma ndi wopyapyala. M'bokosi logwedezeka pa msewu wafumbi akhoza kumasiya kukhudza. Mabatire ena amawapaka mankhwala owawa kuti ana asameze, ndipo Apple inachenjeza kuti ena mwa amenewo sagwira bwino mu AirTag. Batire lakale musalisiye pansi. Mwana akameza limawotcha kummero, ndipo ndi nkhani yothamangira nayo kuchipatala nthawi yomweyo.

Funso: Nanga mvula ikagwa?

Yankho: AirTag ndi SmartTag2 zimapirira mvula ndi fumbi.

Funso: Tikaike pati?

Yankho: Chitsulo chimatchinga chizindikiro, choncho m'kati mwa amplifaya ayi. Sipika yathabwa, thumba la chikwama cha kiyibodi, pansi pa siponji ya bokosi la maikolofoni, amenewo ndiwo malo ake. Kamangeni bwino kasamayendeyende.

Funso: Kodi kangatigwirire wakuba?

Yankho: Nthawi zina, koma sikanapangidwire zimenezo. Pofuna kuteteza anthu kuti asamalondoledwe mobisa, mafoni a Apple ndi a Android amachenjeza munthu ngati kachipangizo kachilendo kakuyenda naye, ndipo tizipangizo tina timalira tokha tikatalikirana ndi mwini wake. Wakuba watcheru amakapeza n'kukataya. Mukaona pa mapu nyumba imene katundu ali, pitani kupolisi ndi risiti komanso nambala ya chipangizocho. Musakathyole chitseko nokha. Ntchito yeniyeni ya kachipangizoka ndi ya tsiku ndi tsiku: musananyamuke, dalaivala asanalize injini, munthu mmodzi atsegule foni aone ngati mabokosi onse ali m'lole. Gulani tizipangizo tiwiri kapena titatu totheka kusintha batire, muyambe ndi mikisa ndi maikolofoni, ndipo kope lolembamo katundu musalisiye.