Kusiya ntchito ina n'kuyamba ya mafizo

Wakabaza akathyoka mwendo pamsewu wa Liwonde, mavuto ake sathera pa tsiku lomuchotsa chikhakha. Bondo limakhala litauma, minofu itafota, munthu akuopa kuponda pansi. Amene amamuphunzitsanso kuyenda ndi wa mafizo. Ndi yemweyonso amene amalandira agogo amene afa ziwalo ndi sitiroko, mwana wobadwa ndi mapazi opindika, ndi wina amene malungo a mu ubongo anamusiya osatha kukhala tsonga.

Digiri ya ntchitoyi ndi yatsopano kuno kwathu. Maphunziro a digiri ya mafizo anayamba mu 2010 ku College of Medicine ku Blantyre, sukulu imene kuchokera mu 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Kale ofuna ntchitoyi ankakaphunzira kunja, ena ku Moshi m'dziko la Tanzania. M'zipatala za m'maboma, katundu wamkulu ankasenza ndi akatswiri a dipuloma ophunzitsidwa ku Kachere, malo a bungwe la Malawi Against Physical Disabilities limene linayamba mu 1979 polimbana ndi poliyo.

Nanga munthu amene ali kale pa ntchito ina angalowe bwanji? Wa dipuloma ya ku Kachere ali pafupi ndi khomo, chifukwa manja ake anazolowera kale odwala. Namwino naye thupi la munthu amalidziwa. Mphunzitsi wa sayansi ku Ntaja kapena kalaliki wa ku Balaka ndiye ali ndi mtunda: MSCE yake ikhale ndi magiredi abwino a Biology, Physics, Chemistry ndi masamu, kenako akhale pa desiki zaka zosachepera 4, malipiro atayima koma ana kunyumba akudya. Akamaliza, sangagwire wodwala asanalembetse ku Medical Council of Malawi. Ndipo digiri siibwera ndi kalata ya ntchito. Achinyamata ambiri a zaumoyo amadikira nthawi boma lisanawalembe.

Amene amaganiza kuti mafizo ndi kusisita msana amadabwa sabata yoyamba yomwe. Pali kuyeza mphamvu ya minofu, kukakamiza mfundo youma kuti ipinde wodwala akulira, kuthandiza wa chibayo kutulutsa makhololo. Koma luso lenileni ku Machinga ndi pakamwa. Mayi wochokera ku Nayuchi sangabwere ku chipatala cha ku Liwonde kawiri pa sabata, thiransipoti yake ndi yodula. Choncho wa mafizo amaphunzitsa gadiyani: mmene angatembenuzire wodwala kuti asatuluke zilonda, mmene angazikire nsungwi ziwiri pabwalo zoti azigwirira poyenda. Wosadziwa Chiyao amavutika, ndipo wosadekha ndi banja limene likukhulupirira kuti m'bale wawo analodzedwa sapita nalo patali. Apa mphunzitsi wakale uja amaposa anzake ochokera ku sekondale, chifukwa kufotokoza chinthu chimodzi kasanu si kwachilendo kwa iye.

Ntchito siili m'boma mokha. Ku Balaka bungwe la Sue Ryder lakhala likutsata anthu aulumali m'midzi kwa zaka zambiri, ku Blantyre chipatala cha Beit CURE chimawongola mafupa a ana, ndipo matimu a mpira nawo amalemba a mafizo. Amene akuganiza zosintha ntchito ayambe wapempha kukakhala tsiku limodzi m'chipinda cha mafizo ku Liwonde kapena ku Balaka asanalembe kalata yotula pansi udindo.