Madzi a Laimu a ku Lusaka

Munthu wocokera kumudzi akafika kudzakhala mu Lusaka, sacedwa kudandaula za madzi a pa pompi. Sopo sacita thobvu msanga ndipo amatha mofulumira. M'kati mwa ketulo mumamera nkhoko yoyera, youma ngati mwala. Matambula otsukidwa bwino akauma amakhala ndi mawanga, ndipo malaya oyera amayamba kutuwa. Ena amati sopo wa masiku ano ngwacabe. Ena amaopa kuti m'madzimo muli mankhwala oipa amene adzaononga m'mimba mwa ana ao. Koma gwero la zonsezi liri pansi pa nthaka ya mzindawo.

Mwala umene uli pansi

Lusaka, amene anakhala likulu la dziko m'caka ca 1935, anamangidwa pamwamba pa thanthwe lalikulu la mwala wa laimu, umene ukaochedwa upatsa njereza yopaka nyumba. Mwalawu uoneka poyera ku Kanyama ndi ku Misisi, ndipo ndiwo umene amai ambiri amauphwanya m'mbali mwa miseu ndi kugulitsa kwa omanga nyumba. Ku Chilanga, kumwera kwa mzinda, mwala wa mtundu womwewo ndiwo umapangidwa simenti, ndipo simenti ya kumeneko inamanga cipupa ca Kariba pakati pa 1955 ndi 1959.

Mvula pakugwa madzi ace alibe laimu konse. Koma potsika mumlengalenga ndi polowa m'nthaka amatenga mpweya wochedwa carbon dioxide, umene uwapatsa kuwawasa pang'ono, kosamveka pa lilime. Madzi oterewa akafika pa thanthwe amalinyambita pang'ono-pang'ono zaka ndi zaka, nasungunula calcium ndi magnesium, monga momwe mcere usungunukira m'ndiwo. Cifukwa cace madziwo amaoneka oyera mbee, ndipo ngakhale munthu awasefe ndi nsaru yolukana bwino, laimuyo amapyola.

Gawo lalikulu la madzi a mu Lusaka licokera m'zitsime zakuya zobooledwa m'thanthwe limeneli. Gawo lina lipopedwa ku mtsinje wa Kafue, mtunda wa makilomita pafupi 50, ndipo madzi a mumtsinjewo ali ndi laimu wocepa. Ndico cifukwa cace ketulo ya komboni ina imadzala nkhoko msanga kuposa ya komboni ina. Anthu a ku Kabwe ndi ku Ndola nawonso alidziwa bvutoli, pakuti mizinda yao iri pa mwala wofanana nawo.

Ndalama zimene zitaika

Madzi akatenthedwa, mpweya uja umathawa, ndipo laimu amene unamgwira amabwereranso kukhala mwala. Nkhoko ya m'ketulo ndiyo thanthwe la Lusaka limene labadwanso m'khichini. Nkhokoyo simalola kutentha kupyola bwino, kotero kuti madzi acedwa kuwira ndipo makala a pa mbaula apsa ambiri. M'ketulo ya magetsi ndi m'giza, citsulo cotenthetsa cikakutidwa ndi nkhoko cimatentha mopitirira mpaka kupserera. M'mapaipi a madzi otentha njira imacepa caka ndi caka, kufikira madzi angotuluka ngati mkodzo wa mbuzi. Amuna ogwira nchito ku maboila a pa migodi adziwa bwino zimenezi, pakuti madzi salowa m'boila asanacotsedwe laimu.

Sopo naye ali ndi mlandu wace. Akalowa m'madzi otere, ayamba wagwirana ndi laimu ndi kusanduka zonanda zotuwa zoyandama pamwamba pa beseni. Thobvu limadza pokhapo laimu yense atagwidwa. Motero mai wocapa amataya gawo la sopo wace asanayambe ndi kucotsa komwe litsiro. Zonandazo zimakanirira mu ulusi wa zobvala, nazilimbitsa, ndipo zikatsalira pa khungu la wosamba, khungulo limauma ndi kutuwa.

Mankhwala a mabvuto amenewa sali akutali. Laimu amaopa zowawasa. Madzi osanganiza ndi viniga kapena ndi mandimu akawiritsidwa m'ketulo ndi kusiyidwa usiku wonse, m'mawa nkhoko imasweka yokha, ndipo ketuloyo ingofuna kutsukuluza bwino. Kukokota ndi mpeni kungoboola citsulo. Pocapa, sopo waufa agwira nchito bwino koposa wamtanda, pakuti anapangidwa kuti laimu asammange. Soda wocapira pang'ono wothiridwa m'madzi sopo asanalowe amagwetsa laimu pansi, koma madzi a sodayo sali akumwa. Madzi a mvula otungidwa pa denga la malata ndiwo okoma koposa pocapira zobvala ndi kutsukira tsitsi. Giza asatenthedwe kupitirira madigiri 60, pakuti madzi akatentha kwambiri nkhoko icuruka msanga.

Kodi laimu adwalitsa?

Bungwe la World Health Organization linena kuti nkhoko iyamba kubvuta m'mapaipi pamene laimu apitirira mamiligaramu 200 pa lita imodzi, koma silinaike malire a laimu cifukwa ca thanzi la womwa. Calcium ndiye amene amanga mafupa ndi mano, ndipo apezekanso mu mkaka ndi m'kapenta. Mimba ya munthu siiri ketulo, ndipo nkhoko siimera m'matumbo.

Coopsa ceni-ceni ciri pena. Madzi aja amene anyambita thanthwe alibooleza ming'alu, mapanga ndi ngalande za pansi. M'nthaka ya mcenga madzi ayenda mocedwa, nasefeka m'njira. M'thanthwe long'ambika amathamanga osasefeka. M'makomboni monga Kanyama, Chawama ndi George, kumene zimbudzi zokumba zayandikana ndi zitsime zosaya, zonyansa za m'cimbudzi zikhoza kufika m'citsime, makamaka m'dzinja pamene madzi a pansi akwera. Umo ndimo kolera ayendera. Nthendayi inabuka mu Lusaka mu October 2017, nibukanso mu October 2023. Ulendo waciwiriwo anthu oposa 20,000 anadwala m'dziko lonse, oposa 700 namwalira. Bwalo la National Heroes linasanduka cipatala, ndipo ana a sukulu anacedwa kutsegulira mu 2024.

Akulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Tizirombo ta kolera sitioneka, sitinunkha, ndiponso sitisiya cizindikiro m'ketulo. Pali mabanja amene amaleka kuwiritsa madzi poona tinsenga toyera tikuyandama m'mphika, naganiza kuti moto ndiwo waononga madziwo. Kuteroko ndiko kuthawa cinthu cosaluma ndi kukumbatira njoka. Tinsengato ndi laimu cabe amene moto wamtulutsa. Madziwo akazizira timatsika pansi, ndipo a pamwamba akhoza kutsanulidwa bwino m'cotengera cina.

Motero madzi akumwa a pa citsime, kapena a pa pompi pa nyengo ya mliri, ayenera kuwira kolimba kwa mphindi imodzi yathunthu, kapena kuthiridwa klorini monga mwa muyeso wolembedwa pa botolo ndi kudikira mphindi 30. Asungidwe m'cigubu cotseka ca kukamwa kwakung'ono, mosalowa dzanja kapena kapu. Viniga ndi klorini zisasanganizidwe konse, pakuti zitulutsa mpweya wakupha. Ketulo yoonongeka ndi nkhoko igulidwa ina ku sitolo, koma mwana wakumwa madzi osawiritsa m'dzinja akhoza kutha m'tsiku limodzi.