Lembo la Ŵ ndi Nkhodolero pa Mutu wa Imelo

Mlembi wa mu ofesi ku Phalombe akatumiza imelo imene mutu wake uli ndi dzina lakuti "Malaŵi", nthaŵi zina wolandira amaona "MalaÅµi". Cholakwika chotere sichichokera ku malamulo a kalembedwe ka Chicheŵa ayi, koma ku njira imene makina amasungira malembo.

Malamulo oyamba a imelo analola zizindikiro 128 zokha za ASCII pa mutu wa kalata ndi pa dzina la wotumiza. Lembo la ŵ, limene limapezeka m'Chicheŵa ndi m'Chitumbuka, mulibe m'gulu limeneli. Motero m'chaka cha 1996 chikalata cha RFC 2047, cholembedwa ndi Keith Moore, chinalongosola njira yotumizira malembo otere. Mu UTF-8, lembo la ŵ limaimiridwa ndi nambala ziŵiri, C5 ndi B5, kotero kuti dzina la dziko lathu limayenda motere:

=?UTF-8?Q?Mala=C5=B5i?=

Kompyuta ya wolandira imamasula zimenezi n'kubwezeretsa ŵ. Koma ikaŵerenga nambala ziŵirizo monga Latin-1, imaonetsa Å ndi µ. M'chaka cha 2012 RFC 6532 inalola UTF-8 pa mutu popanda kusintha kotere, komabe si makina onse amene amatsata njira imeneyi.

Tsono osunga maina m'nkhokwe ya pa kompyuta ayenera kutsata mfundo izi:

1. Mawu asungidwe monga momwe amalembedwera, mu UTF-8. Akasungidwa ali osinthidwa kale, wofufuza liwu lakuti "Malaŵi" sadzalipeza.

2. Kusinthako kuchitike pa nthaŵi yotumiza yokha, ndiponso kamodzi kokha.

3. Nkhodolero isachotsedwe. M'chiyankhulo cha SQL chizindikirochi chimatsekera mawu, ndipo ena pothaŵa vutoli amangochifafaniza, m'malo mouza makina kuti ndi mbali ya liwulo. Kutero n'kulakwa kwakukulu, pakuti ng' ndi ng ndi maliwu aŵiri osiyana. Ng'oma imene timaimba pa gule siifanana ndi ngoma, nyama ya m'tchire.

Kalata yonena za msika wa ng'ombe ku Migowi kapena ku Chiringa iyenera kufika monga momwe inalembedwera. Makamaka pa maina a anthu tisamale, chifukwa dzina likalembedwa mosiyana m'kaundula, mwini wake amavutika kutsimikiza kuti ndi iye yemweyo.