Thirakitala Ikakana Kulira

Kuno ku Lichinga mvula imayamba cha mu Novembala. Munda uyenera kulimidwa mvula isanakhazikike. Tsono thirakitala ikakana kulira pa nyengo imeneyi, wovutika si mwini wake yekha. Mabanja onse amene analipira kuti iwalimire amangodikira, ndipo chimanga chobzala mochedwa sichibereka bwino.

Mathirakitala ambiri a m'midzi ndi akale. Massey Ferguson 135 inkapangidwa kuyambira 1964 mpaka cha mu 1975, koma ina ikulimabe. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 boma linabweretsa mathirakitala ambiri ku minda yake ikuluikulu, monga ya ku Matama ndi ku Unango. Ambiri anaima asanakalambe, chifukwa chosowa zipangizo ndi anthu odziwa kuwasamala. Choncho thirakitala ikakana kulira musafulumire kunena kuti yafa ndi ukalamba. Kawirikawiri vuto limakhala laling'ono.

Injini ya dizilo ilibe mapulagi. Pisitoni imapanikiza mpweya mpaka utatentha kwambiri. Dizilo akafayiridwa mu mpweya wotenthawo amayaka yekha. Motero injini imafuna batire lamphamvu loizunguza msanga, dizilo woyera, ndi mpweya wabwino.

Musanagwire sipanala, onani zinthu ziwiri. Kodi giya ili pa fulii? Mathirakitala ambiri sazungulira giya ikakhala yolowa. Kodi kachitsulo kozimitsira injini mwakabwezera m'kati? Kakakhala kokoka, dizilo sapita. Musaseke, ngakhale madalaivala akale amaiwala zimenezi.

Tsopano tembenuzani kiyi ndipo mvetserani. Injini ikamazungulira mwaulesi, kapena mukangomva kuti "kha", yambani ndi batire. Masulani mawaya ake. Mukaona zoyera ngati ufa pa mitu ya batire, tsukani ndi madzi otentha, palani mpaka chitsulo chiwale, ndipo mangani zolimba. Musalumikize sitata ndi chitsulo mutaima pansi. Giya ikakhala yolowa, thirakitala idzakupondani.

Injini ikamazungulira bwino koma osalira, yang'anani ku paipi ya utsi. Utsi woyera ukutanthauza kuti dizilo akufika koma kutentha kwachepa. Izi zimachitika kwambiri m'mawa wa Juni ndi Julayi, pakuti Lichinga ali pamwamba, mamita oposa 1,300, ndipo kumazizira. Ngati thirakitala ili ndi chotenthetsera, chiyatseni kwa masekondi 15 musanalize. Ngati ilibe, dikirani dzuwa liiwombe. Petulo musathire polowera mpweya, amawononga injini.

Kukapanda utsi konse, ndiye kuti dizilo sakufika. Apa ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama pachabe. Kawirikawiri chatseka njira ndi mpweya wolowa m'mapaipi. Umalowa dizilo akathera m'munda, mukasintha fyuluta, kapena nati ikakhwepa. Pampu ya dizilo siingathe kukankha mpweya. Muyenera kuutulutsa ndi manja.

Chitani motere. Thirani dizilo mu thanki ndi kutsegula mpopi wake. M'mbali mwa injini muli kapampu kakang'ono kokhala ndi chogwirira. Masulani pang'ono bawuti ya pamwamba pa fyuluta, ndipo popani. Poyamba patuluka thovu. Musaleke. Dizilo akayamba kutuluka wopanda thovu, mangani bawutiyo. Kenaka pitani pa pampu yaikulu. Pampu zambiri zili ndi timabawuti tiwiri totulutsira mpweya. Yambani ndi kam'munsi, kenaka kapamwamba, mukupopa chimodzimodzi. Timabawuti timeneti timathyoka msanga, mangani mwaulemu. Pomaliza masulani pang'ono manati a mapaipi opita ku manozo, zunguzani injini mpaka dizilo atulukire pamenepo, mangani, ndipo lizani. Chala musachiike pafupi. Dizilo wa m'mapaipi amenewa ali ndi mphamvu yoboola khungu, ndipo bala lake ndi la kuchipatala.

Sitata isalire kupitirira masekondi 15 nthawi imodzi. Ipumitseni mphindi imodzi kuti isapse.

Mdani wina ndi madzi. Thanki ikagona theka, usiku mumapangika mame m'kati mwake, ndipo madziwo amatsikira pansi. Nchifukwa chake ndi bwino kudzaza thanki madzulo, osati m'mawa. Dizilo wa mu mgolo, amene pogulitsira amalemba kuti gasóleo, musiyeni akhazikike tsiku lathunthu, ndipo wa pansi penipeni musathire. Pafupi ndi kapampu kaja pamakhala kambale kagalasi. Madzi ndi litsiro zimaoneka m'menemo. Kachotseni ndi kukatsuka.

Nyengo yolima ndi ya fumbi. Tsiku lililonse onani oyilo wa injini, madzi a mu redieta, ndi mbale ya oyilo ya pansi pa sefa ya mpweya. Mbaleyo ikadzaza matope, itsukeni ndi kuthira oyilo watsopano mpaka pa mzere.

Ngati mwachita zonsezi koma thirakitala ikukanabe, lekerani pomwepo. Pampu yaikulu ndi manozo musamasule pansi pa mtengo. Kamchenga kamodzi kangawononge pampu yonse. Itanani makaniko, ndipo muwauze zimene mwaona: mmene injini ikuzungulirira, mtundu wa utsi, ndi pamene dizilo akulekezera.